Jombo Imabisa Matuza

Kwathu kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira pa Mpingu kudutsa Namitete mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, mwana akalemba mayeso a MSCE amakhala ndi njira zowerengeka. Ochepa amasankhidwa kupita ku yunivesite. Ena amakaphunzira ntchito zamanja ku Namitete Technical College, ena amagula njinga ya kabaza, ndipo ambiri amabwerera kumunda wa fodya ndi mtedza kumene makolo awo anakalambira. Koma ilipo njira ina imene ikatseguka mudzi wonse umagwedezeka. Gulu la asilikali la Malawi Defence Force likalengeza kuti likulemba achinyamata, makalata ofunsira ntchito amalembedwa mpaka usiku, ndipo anyamata amene sanathamangepo chitsirizireni sukulu amayamba kulawirira kukazungulira bwalo la mpira.

Ife tinatsiriza Folomu 4 limodzi ndi ena mwa achinyamata amenewa. Tinadya nawo nyemba zofumbwa za kusukulu yogonera komweko, tinabwerekana nawo sopo ndi makope. Zotsatira zitatuluka, ife tinabwera kuno kudzaphunzira uphunzitsi, iwo anakwera basi ya ku Salima kumene kuli sukulu ya asilikali ya Malawi Armed Forces College, imene anthu amangoti MAFCO. Kuno mayeso akatipanikiza, kapena uthenga woipa ukabwera kuchokera kumudzi, timadziwa khomo loti tigogode, ndipo palibe amene amatiyesa ofooka chifukwa chogogoda. Funso limene lakhala likutisautsa ndi lakuti: mnzathu wovala jombo akatopa mumtima, amauza ndani?

Tivomereze kaye kuti maphunziro a usilikali amayenera kukhala owawa. Padziko lonse amawakonza choncho mwadala. Tulo tochepa, kuthamanga ndi chikwama cholemera kumsana, kulamulidwa mokuwa, kugona m'tchire ndi kutalikirana ndi abale, zonsezi cholinga chake ndi chakuti munthu aphunzire kuganiza bwino ali wotopa komanso ali ndi mantha, pakuti kunkhondo mdani sadikira kuti upume. Mnyamata wokulira m'mphepo ya ku Kabudula amakapezanso kutentha kwa kunyanja kukumudikira. Palibe mwa ife amene angafune kutetezedwa ndi msilikali wosaumbika. Komabe phunziro limeneli lili ndi mchira wake. Amene waphunzira kukhala chete phazi likatupa amaphunziranso kukhala chete mtima ukatupa. Jombo imabisa matuza, ndipo bala lobisika ndi limene limanyeka.

Kukhala chete kumeneku anzathu sanakuphunzirire ku Salima. Ananyamuka nako kwathu. Mwana wamwamuna akapunthwa pachitsa n'kuyamba kulira, amamva mawu amodzi kuchokera kwa agogo, amalume ngakhalenso amayi ake: mwamuna salira. Pamaliro amayi amalira m'nyumba ya siwa, abambo amakhala panja pansi pa mtengo atazyolika, chisoni chili phwii m'chifuwa. Atsikana amene alowa usilikali nawonso ali ndi katundu wawo, chifukwa msozi umodzi wokha umapatsa mpata onyoza kunena kuti ntchitoyi si ya akazi. Sitidabwa tsono kuti malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ambiri ndi amuna. Kwa zaka zambiri malamulo athu akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo munthu woopa kumangidwa saulula zimene zili mumtima mwake.

Pamwamba pa izi pali mtolo wa kumudzi. Tsiku limene mwana wasankhidwa, malipiro ake amene sanayambe n'kulandira komwe amakhala atagawidwa kale. Awa akuwerengera matumba a feteleza, awa fizi ya mlongo wake, awa malata a nyumba. Foni ikalira kuchokera kwawo, moni amakhala wachidule, nkhani yeniyeni ndi ya Mpamba kapena Airtel Money. Makolo sachita izi chifukwa cha nkhanza. Umphawi ndiwo umalankhula. Koma taganizani za mnyamata wa zaka 20 amene wagona maola atatu, bondo likuwawa, mtima ukumuuza kuti sakwanitsa, kwinaku akudziwa kuti banja lonse latsamira pa iye. Angayambire pati kunena kuti zinthu sizili bwino?

Mmodzi mwa anzathu anabwerako maphunziro asanathe chifukwa anavulala mwendo. Mwendowo unapola pa miyezi iwiri. Chimene sichinapole msanga ndi mawu a anthu. Pamsika ankamuloza kuti ndi uja anathawa, ana ankamuchitira sawatcha momuseka, ndipo mtsikana amene anapalana naye ubwenzi anasiya kuyankha mafoni. Anasiya kubwera kumpira, anasiya kubwera kutchalitchi, anayamba kugona masana n'kumayenda usiku. Amene anamupulumutsa ndi amalume ake, bambo wosaphunzira kwenikweni, amene ankapita m'mawa uliwonse kukamutenga kuti akathirire limodzi kudimba. Kwa masabata angapo sanamufunse kanthu. Tsiku lina mnyamatayo anayamba yekha kulankhula, ndipo amalumewo atamva kuti wakhala akuganiza zodzichotsera moyo, anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Lero ali moyo ndipo akulima tomato. Nkhani yake inatiphunzitsa kuti wophunzira usilikali amene sanatsirize ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa wachoka m'manja mwa gulu ndipo mudzi sunakonzeke kumulandira.

Amene atsiriza nawonso ulendo wawo umakhala utangoyamba. Kuyambira 2013 asilikali athu akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dziko la Congo kukasungitsa mtendere. Mu November 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a dziko lino anaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo mu January 2025 enanso atatu anafa pa nkhondo yolimbana ndi gulu la M23 kufupi ndi Goma. Mu March 2023, namondwe Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, asilikali ndi amene anali m'gulu lofukula matupi m'matope, ena mwa matupiwo a ana aang'ono. Timawaombera m'manja akamatsika ndege, ndipo n'koyenera. Zimene maso awo anaona amabwera nazo kunyumba, ndipo wophunzira wa ku Salima akukonzekera kudzaona zomwezo.

Dera lathu linalandirapo kale anthu otere. Agogo a agogo athu analowa Keyala, gulu la King's African Rifles, ndipo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ena anakafika mpaka ku Burma. Gule wa mganda amene timasangalala naye m'midzi ya Lilongwe, Dowa ndi Ntchisi anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda: mizere yowongoka, zovala zofanana, mabadza olira ngati malipenga. Tinasunga perete wawo mpaka lero. Maloto oopsa amene ankawadzutsa usiku analowa nawo m'manda, chifukwa panalibe dzina lowatchulira.

Ngakhale azungu amene ankawalamulira anachedwa kumvetsa. M'chaka cha 1915 dokotala wa ku Britain, Charles Myers, analemba za asilikali amene ankanjenjemera, kusowa tulo ndi kulephera kulankhula atachoka kunkhondo, koma akuluakulu ambiri ankangowatcha amantha. Pankhondo yoyamba ija dziko la Britain linawombera asilikali ake 306 pa milandu monga kuthawa ndi mantha, ndipo linadzawakhululukira mu 2006, onse atafa kalekale. Matenda obwera munthu akakumana ndi zoopsa, amene madokotala amawatchula kuti PTSD, analowa m'mabuku a zachipatala mu 1980. Ngakhale sukulu yotchuka ya Sandhurst, kumene maofesala a m'maiko ambiri a mu Africa anaphunzirako, inataya mtsikana wophunzira wa zaka 21 amene anadzipha mu 2019, ndipo kafukufuku wa khoti mu 2023 anapeza kuti mipata yomuthandiza inalipo koma inaphonyedwa. Ngati izi zinachitika kumene kuli ndalama ndi madokotala ochuluka, palibe sukulu ya asilikali imene ingati nkhaniyi siyikuikhudza.

Chotilimbitsa mtima n'chakuti njira zina zimene zathandiza kwina sizifuna chuma chambiri. Asilikali a Royal Marines ku Britain anayambitsa ndondomeko yotchedwa TRiM. Amaphunzitsa asilikali wamba, osati madokotala, kucheza ndi anzawo patapita masiku ochepa chichitikireni choopsa, kuonanso patatha mwezi, ndi kutumiza kuchipatala amene sakupeza bwino. Msilikali amamasuka msanga kwa mnzake amene anagona naye m'dzenje limodzi kusiyana ndi kwa mlendo wovala jekete loyera. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi maganizo, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza poyambira. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu ambiri okhala pabenchipo anapeza bwino. Amalume a kudimba aja sanamvepo za Chibanda, koma anachita zofanana.

Tikanapatsidwa mpata wolankhula kwa oyendetsa sukulu iliyonse ya asilikali, tikanapempha zinthu zitatu. Choyamba, phunziro la thanzi la m'maganizo likhale pa ndandanda limodzi ndi phunziro la mfuti ndi la mapu, kuti wophunzira adziwe kusiyanitsa kutopa wamba ndi matenda. Chachiwiri, pakhale khomo limene munthu angagogode popanda dzina lake kumveka pa perete, kaya ndi la abusa a asilikali, la dokotala kapena la mlangizi, ndipo kugogodako kusamutsekere mwayi wokwezedwa. Chachitatu, amene akubwezedwa kunyumba asanatsirize apatsidwe uphungu asananyamuke, ndipo wina aziwaimbira foni miyezi yoyamba ija.

Ambiri mwa ife tinakulira mu Pathfinder, tikuguba ndi kumva nkhani ya Desmond Doss, mnyamata wa mpingo wathu amene anakana kunyamula mfuti koma anapulumutsa anzake okwana 75 paphiri la ku Okinawa mu 1945. Timakonda kuithera pamene Pulezidenti Truman akumuveka mendulo. Chotsatira chake sitichinena kawirikawiri. Doss anabwera kwawo ndi mabala, anadwala chifuwa chachikulu, anakhala zaka zoposa zisanu akulandira chithandizo, anachotsedwa phapo limodzi ndi nthiti zisanu, ndipo pambuyo pake anagontha makutu. Chikhulupiriro chake chinali chachikulu, koma anafunikabe madokotala ndi mkazi woleza mtima. Munthu akathyoka mwendo timamupempherera tili pa ulendo wopita naye kuchipatala. Wovulala m'maganizo ayenera kuchitiridwa chimodzimodzi, popanda kumufunsa ngati wasiya kupemphera.

Tsono gawo lathu ndi lotani, ife amene tili kunja kwa mpanda? Mnzathu akabwera patchuthi, tiyang'ane kupyola yunifomu. Kusowa tulo kwa masabata angapo, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kuyamba mowa kapena chamba, kudzipatula, kugawa katundu wake ndi kulankhula ngati wotsanzika, zonsezi ndi zizindikiro. Tikaziona, timufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Akatswiri anatsimikiza kuti kufunsa sikumupatsa munthu ganizolo, kumangomutsegulira pakamwa. Akavomera, tisamusiye yekha. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi cha Kabudula ndi poyambira pafupi, ndipo akhoza kutumizidwa ku Kamuzu Central Hospital. A St John of God, amene anayambira ntchito yawo ku Mzuzu, ali ndi chipatala cha matenda a m'maganizo mumzinda wa Lilongwe, ndipo chachikulu cha boma chili ku Zomba. Amayi a Dorika amene amayendera odwala angathenso kuyendera khomo limene mwana wake wabwezedwa kumaphunziro, kapena limene mwamuna ali kutali kunkhondo.

Kwa ife ophunzira uphunzitsi, udindo ndi wokulirapo. Asilikali a zaka khumi zikubwerazi panopa ali m'makalasi a ku Nsaru ndi Nambuma, ndipo adzadutsa m'manja mwathu asanaone chipata cha MAFCO. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata wa Folomu 2 akadzalira m'kalasi chifukwa bambo ake amwalira, chimene tidzanene pamaso pa anzake chidzamuperekeza mpaka ku Salima. Tikadzamuuza kuti apukute misozi chifukwa ndi mwamuna, tidzakhala tamuveka jombo yoyamba. Tikadzamupatsa mpando, n'kumuitana pambuyo pa kalasi kuti afotokoze, adzakula akudziwa kuti munthu wolimba amatha kunena pamene pakuwawa.

Pakali pano, aliyense wa ife amene ali ndi nambala ya mnzake wa ku Salima kapena wa kubalaki, amuimbire sabata ino isanathe. Asatchule za ndalama. Amufunse ngati akugona bwino, ndipo akayankha kuti zili bwino, adikire pang'ono asanadule foni.