Radar ya panjinga kuno ku Cape Town, ndi hutala ya kwathu kwa Mponda

 Ena mwa inu a ku Mangochi, a kumudzi ndi a kuno ku Joni, mwakhala mukundifunsa za kachipangizo kamene anthu ochita bwino akumamangirira kumbuyo kwa njinga zawo kuno, kothwanima mofiira, kamene kamawauza kuti galimoto ikubwera. Mukufuna kudziwa ngati kamatetezadi, komanso ngati tingamatumize kumudzi kuti abale athu a kabaza asiye kugundidwa. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga mushopu ina kuno ku Cape Town, ndiye tizipangizoti timadutsa m'manja mwanga. Msewu wa ku Monkey Bay nawo ndikuudziwa, ndinaupalasa ndili mnyamata, dengu la usipa lili pakaliyala.

Kachipangizoko ndi radar, ndipo kanabadwira konkuno. Kampani yaing'ono ya ku Stellenbosch yotchedwa iKubu ndi imene inayamba kukapanga, n'kukatcha Backtracker. Mu 2015 Garmin inagula kampaniyo ndipo chaka chomwecho inatulutsa radar yake ya Varia. Masiku ano makampani ena monga Bryton, Magene ndi Trek akupanganso zawo. Mumakamangirira pachitsulo cha pansi pa chishalo, kuyang'ana kumbuyo. Kamaponya mafunde a wailesi, mafundewo akagunda galimoto amabwerera, ndipo kamawerengera kutalika kumene galimotoyo ili ndi liwiro limene ikukuyandikirirani. Mtundu umene ndimauona kwambiri, RTL515, umayamba kuona galimoto ili pa mamita 140. Pahandulo pamakhala kakompyuta kapena foni. Kamalira, kenako m'mbali mwa sikirini mumaoneka kadontho kakukwera pang'onopang'ono, kadontho kalikonse galimoto imodzi. Galimoto ikamabwera mwaliwiro kwambiri mtundu umasanduka wofiira, zonse zikadutsa umabiriwira.

Mamita 140 amamveka ambiri, koma tiyeni tiwawerengere. Wopalasa njinga akuthamanga makilomita 20 pa ola, galimoto ikubwera pa 80, imupeza pakatha masekondi 8. Wakabaza wolemedwa akuyenda pa 12, minibasi ili pa 100, masekondi ake sakwana 6.

Kunena zoona, pamisewu ina kuno kachipangizoka ndi kothandiza. Pitani kumsewu wa ku Cape Point tsiku la mphepo ya kum'mwera chakum'mawa. Mphepo imadzaza m'makutu moti galimoto mumangoiona yakudutsani, osaimva n'komwe, ndipo magalimoto a masiku ano sasokosa ngati akale. Pamalo otere, pamene magalimoto amabwera patalipatali, radar imamuthandiza munthu kusadzidzimuka. Akafuna kuzemba dzenje amadziwa ngati kumbuyo kuli bwino. Satembenuka khosi pafupipafupi, ndipo aliyense wopalasa amadziwa kuti ukatembenuka njinga nayo imakhotera komweko. Nyali yakenso imasintha kathwanimidwe galimoto ikayandikira, kuti dalaivala adzidzimuke. Makasitomala amene anazolowera radar safuna kutuluka popanda iyo, ndipo ndimawamvetsa.

Koma pali zimene radar imeneyi sinena. Siikuuzani ngati galimotoyo ikulambalalani kapena ikulunjika pa inu, kadontho ndi kamodzimodzi. Galimoto ikachepetsa liwiro n'kumayenda mofanana nanu, kadontho kamatha kuzimiririka pamene galimotoyo ili pomwepo. Pakona ndi pachitunda imachedwa kuona. M'tauni imalira osapuma mpaka eni ake amazimitsa mawu. Ndipo ngozi zambiri za njinga sizichokera kumbuyo. Burry Stander, katswiri wa mpikisano wa njinga wa dziko lino, anafa pa 3 January 2013 ku Shelly Beach, ku KwaZulu-Natal, atawombana ndi minibasi imene inakhota n'kumudula kutsogolo. Radar yoyang'ana kumbuyo sikanamupulumutsa.

Imfa imeneyo inagwedeza dziko, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho chigawo cha Western Cape chinakhazikitsa lamulo lakuti dalaivala azisiya mpata wosachepera mita imodzi podutsa wopalasa njinga. Bungwe la Pedal Power Association limakumbutsa lamuloli m'zikwangwani ndi pamalaya achikasu amene opalasa amavala. Misewu ikuluikulu yambiri ili ndi mzere wachikasu, ndipo kuseri kwa mzerewo kuli phula lokwanira njinga. Sikuti aliyense amamvera ayi, maminibasi ena amathamanga mkati mwa mzere womwewo. Komabe munthu wa radar akamva kulira, nthawi zambiri amangogwira handulo bwino n'kupitiriza ulendo, podziwa kuti galimotoyo ndiyo iyenera kumulambalala. Kachipangizoka kanapangidwira msewu wotere.

Ndisaiwale kunena kuti radar kuno ndi ya anthu opalasa pofuna kulimbitsa thupi, amene amakonzekera mpikisano wa Cape Town Cycle Tour wa makilomita 109 mwezi wa March. Ife a ku Malawi amene timadzuka m'bandakucha ku Masiphumelele, Dunoon kapena Imizamo Yethu kupita kukasamalira maluwa m'mayadi a anthu tilibe. Mtengo wake ndi pafupifupi madola 200 a ku America, osawerengera kakompyuta ka pahandulo, ndipo njinga zathu zambiri sizifika mtengo umenewo. Choncho ngakhale konkuno, amene amapalasa mumdima tsiku ndi tsiku si amene ali nayo.

Tsopano tibwere kwathu. Kuchokera pa Boma kudutsa kwa Mponda kulowera ku Namiasi, Nkopola ndi Makawa, wopalasa njinga sasowa womuuza kuti galimoto ikubwera. Dalaivala amamuuza yekha, ndi hutala, akadali kutali. Wakabaza wozolowera amasiyanitsa ndi khutu lokha kuti iyi ndi Sienta, iyi ndi minibasi, iyi ndi lole ya katundu. Akaphonya, wokwera kumbuyo amamukodola kuti galimoto, achimwene. Koma tonse tikudziwa tanthauzo la hutala ya kwathu. Dalaivala sakunena kuti ndakuona, ndikulambalala. Akunena kuti choka. Ndipo wanjinga amachokadi, chifukwa anaona zimene zimachitikira wokanirira.

Vuto lili pochokapo. Taganizirani bambo amene wamanga matumba a makala pakaliyala, katundu wotambalala kuposa mahandulo, wolemera moti poyamba ulendo amachita kukankha kaye. Hutala yalira kumbuyo, kutsogolo kukubweranso lole, ndiye minibasi ilibe kopatukira ndipo siikuchepetsa liwiro. M'malo ambiri mphepete mwa tala munadyeka, phula linathera pomwe pali mzere, ndipo kuchoka patala kufika pansi pali kaphompho kofika m'kakolo. Pansipo ndi mchenga wa kunyanja. Tayala la kutsogolo likangolowa mumchenga limatitimira, handulo imapotoka, makala amakokera njinga mbali imodzi. Akagwera kumanzere wapulumuka ndi mabala. Akagwera kumanja wagwera m'matayala. Chimodzimodzi wakabaza amene wanyamula mayi wokhala cham'mbali, mwana ali kumsana, akuchokera ku chipatala cha pa Boma. Munthu ameneyu mukamupatsa radar, mwamupatsa masekondi 6 oti achite zomwe hutala inamuuza kale, ndipo mchenga uja uli pomwepo.

Palinso za kamangidwe, zimene wokonza njinga sangalephere kuziona. Radar imafuna kumbuyo koyera. Panjinga ya kabaza, chitsulo cha chishalo chimabisika ndi khushoni ndi wokwera, ndipo panjinga ya katundu chimabisika ndi matumba kapena dengu. Mungayimangirire kumapeto kwa kaliyala, koma pamenepo ndi pomwe pamadutsa zingwe za mphira zomangira katundu. Batire lake limatha maola 6 nyali ikamayaka mosalekeza, 16 ikamathwanima, ndiye imafuna kutchaja pafupifupi tsiku lililonse. Ndipo pamsika wa Mangochi kapena polowera pa mlatho wa Bakili Muluzi, pamene njinga zamoto zimakudutsa motsatizana, ingalire kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi mdima. Kwathu ikangokwana 6 koloko kwada. Ogula nsomba amanyamuka kumadoko kusanache kuti akafike pamsika nsomba zili zaziwisi. Mwezi wa Ramadan anthu amayenda kwambiri dzuwa litalowa. Akabaza amagwira ntchito mpaka usiku chifukwa ndi nthawi imene anthu akuweruka. Njinga zambiri ndi zakuda, zilibe nyali, kagalasi kofiira ka pamadigadi kanathyoka kalekale, ndipo wopalasa wavala malaya akuda. Usiku wanjinga amadziwa bwino lomwe kuti galimoto ikubwera, chifukwa kuwala kwa nyali zake kumamupitirira n'kuonetsa chithunzithunzi chake pamsewu galimotoyo ikadali kutali kuposa mamita 140 aja. Amene sakuona ndi dalaivala. Maso ake athobwa ndi nyali za galimoto yochokera kutsogolo, ndipo njinga amaiona itatsala pang'ono kukhudza bampala. Radar imatsegula maso a wanjinga, pamene kwathu maso ofunika kutsegulidwa ndi a amene wagwira chiwongolero.

N'chifukwa chake ndikunena kuti pa kachipangizo konseka, chimene chingapulumutse anthu kwa Mponda ndi nyali yofiira ija, ndipo nyali yokha ndi yotchipa. Ku Odense, m'dziko la Denmark, anachita kafukufuku mu 2004 ndi 2005. Anthu ena anawaikira nyali zoyaka usana ndi usiku panjinga zawo, ena sanawaikire, ndipo mwa a nyaliwo ngozi zovulaza zinachepa ndi 19 pa 100 alionse. Kumeneko ndi kumene misewu ili ndi magetsi ndiponso njira zapadera za njinga. Nanga kwathu, kumene kuchoka pa Boma pang'ono kuli mdima wa ndiweyani? Lipoti la World Health Organization la 2018 linayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 pa 100,000 alionse amafa pamsewu chaka chilichonse, kuposa South Africa imene ili ndi magalimoto ochuluka kwambiri kuposa ife. Ambiri mwa anthu amenewa sakhala m'galimoto, amakhala oyenda pansi ndi apanjinga.

Msewu wa Liwonde kufika ku Mangochi ataukonza ndi kuukulitsa, ndinaona ndekha kusintha kwake. Wanjinga ali ndi phula lake m'mbali, hutala ikalira amangosendera pang'ono osatsika patala. Pamene pamavuta ndi m'malo a malonda, pomwe malole amaima m'mbalimo ndipo ogulitsa amayala katundu, wanjinga n'kubwereranso pakati. Komanso msewu wosalala umaitana liwiro. Koma mita imodzi ya phula ija ndi imene ndingapemphe mafumu athu ndi makhansala kuti aziyiumirira nthawi iliyonse pakamveka zokonza msewu, makamaka wa ku Monkey Bay ndi wokwera ku Namwera.

Ndiye inu amene mukumanga katundu wopita kumudzi pa basi yodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, radar isiyeni. Ndalama ya radar imodzi ingagule nyali za akabaza a siteji yonse. Gulani nyali yofiira ya kumbuyo ndi yoyera ya kutsogolo, zotchajira pa USB, kuti azitchaja pa sola limodzi ndi foni. Onjezani chovala chonyezimira chija timavala kumakontirakiti, ndi tepi yonyezimira yomata. Nyali yofiira aziyimanga kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, pansi pa khushoni, pomwe chitenje cha wokwera sichifika. Wakabaza akavala chonyezimira, wokwera amamuphimba msana, ndiye tepi ija imatidwe pamadigadi ya kumbuyo ndi pamapedulo, chifukwa chinthu chonyezimira chokwera ndi kutsika dalaivala amachizindikira msanga kuti ndi njinga. Wa makala amange chonyezimiracho pathumba la kumanja, mbali ya magalimoto, kuti dalaivala aone pomwe katundu wathera. Galasi loonera kumbuyo, limene achikulire athu ankaika pa Humber zawo, limaonetsa chimene radar siionetsa, ngati galimotoyo yayamba kupatuka kapena ayi.

Pali china chimene chili m'manja mwathu ife a kuno, ndipo sindikuchinena mopepuka. Ma Sienta, maminibasi ndi njinga zamoto zambiri zimene zikuthamanga pakati pa Mangochi, Monkey Bay ndi Namwera zinagulidwa ndi ndalama za ku Joni. Eni ake ndife. Madzulo alionse timaimba foni kufunsa ngati tageti yakwana, ndipo mnyamata amene tamupatsa galimoto amadziwa kuti ikapanda kukwana kiyi apatsidwa wina. Kuti ikwane amadzaza anthu mopitirira, amathamanga, ndipo pokumana ndi lole saponda buleki, amaliza hutala. Amene akutsikira mumchenga ndi malume athu ndi azing'ono athu omwe. Ngati muli ndi galimoto pamsewu umenewo, khalani pansi ndi dalaivala wanu muwerengere maulendo amene angayende pa tsiku osathamanga, tageti ichokere pamenepo. Mumuuzenso kuti akapeza njinga kutsogolo, galimoto ina ikubwera, adikire kumbuyo kwa njingayo mpaka mpata upezeke, ndipo kuti tsiku limene ndalama yaperewera chifukwa cha zimenezo simudzamulanda kiyi.