Chiponde Chokha Sichinachiritse Mwana

Katatu konse mwana uja anabwerera kuchipatala atatupa miyendo, tsitsi litafiira. Mtsikana wina amene ankaphunzira unamwino ankamuyeza pasikelo, kumupatsa chiponde ndi kulangiza agogo ake za magulu 6 a zakudya. Agogowo ankangoti, "Ndamva, mwanangu," n'kubereka mdzukulu wawo kubwerera kumudzi.

Kenaka aphunzitsi anatumiza ophunzira atatu kumudziko motsogozedwa ndi mlangizi wa zaumoyo: wa unamwino uja, wa udokotala ndi wa ntchito yosamalira anthu ovutika. Mtsikanayo sanakondwe, pakuti ankaganiza kuti za mwanayo ankazidziwa kale zonse.

Atakhala pamkeka, wa udokotala anamva mmene agogo ankatsokomolera, napempha kuti makhololo awo akayezedwe. Anapezeka ndi chifuwa chachikulu, matenda ofuna kumwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa, ndipo ana okhala nawo anayenera kuyezedwanso. Wosamalira anthu uja anafunsa zimene anzake sanaziganizire: "Agogo, kodi chiponde chija amadya ndani?" Iwo anayankha motsitsa mawu kuti ankagawira adzukulu asanu onse, popeza chimanga chinatha m'nkhokwe mu Disembala. Mlangizi, amene ankadziwa mudziwo, anapita kwa amfumu ndi kukomiti kuti dzina la banjalo liperekedwe ku Mtukula Pakhomo, ndondomeko yothandiza mabanja ovutikitsitsa ndi ndalama, imene inayambira ku Mchinji mu 2006.

Tsiku limenelo mtsikanayo anazindikira kuti malangizo ake anali oona, koma ankawapereka kwa munthu wodwala amene analibe chophika.

Maphunziro otere si achilendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mu 1988, ndiponso mu 2010, kuti ophunzira a ntchito zosiyanasiyana aziphunzira limodzi asanayambe ntchito, kuti adziwe zimene anzawo amatha ndi nthawi yowaitanira. Ku Malawi, sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizidwa mu 2021 kukhala yunivesite imodzi ya Kamuzu University of Health Sciences. Komabe dzina limodzi silokwanira: kumverana amakuphunzira pakhomo la wodwala, pomwe mlangizi ndi anthu a m'mudzi amakhalanso aphunzitsi.

Lero mtsikana uja ndi namwino. Mwana akabweranso kachiwiri ndi vuto lomwelo, iye amayamba waitana mlangizi wa m'mudzi mwake asanatsegule katoni ya chiponde.