Chiperoni, Nthochi ndi Sabata ku Makwasa

Minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Thyolo imachedwa pa Bvumbwe, chifukwa palibe amene amafuna kudutsa pamsika umenewu chimanjamanja. Kabichi, tomato, karoti ndi zitheba zimalowera pawindo, ndalama n'kutulukira pomwepo, uku kondakitala akukuwa kuti nthawi yatha. Mukachoka pamenepo minda ya chimanga imayamba kuchepa, ndipo posakhalitsa zitunda zonse zimabiriwira ndi tiyi wosadzidwa mofanana pamwamba ngati tebulo. Pa boma la Thyolo mumasiya msewu wa ku Mulanje n'kulowa wa ku Thekerani. Msewu umenewu ndi umene umakufikitsani pa Makwasa, pamene pali mishoni yathu ya Malamulo, makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre.

Ambiri a ife timapita ku Malamulo kukazonda wodwala, kukasiya mwana kusukulu, kapena kumsonkhano. Timagonako masiku awiri kapena atatu, n'kubwerera tikuganiza kuti malowo timawadziwa. Amene anapitako mu Okutobala amati ndi dera la fumbi. Wa mu Febuluwale amati ndi la matope okhaokha. Ine ndili ndi achibale m'mudzi wina kufupi ndi mishoni, ndipo ndawachezera m'nyengo zonse za chaka. Chimene chimanditenga mtima ndi momwe anthu a m'midzi imeneyi amadzukira tsiku lililonse kukagwira ntchito zomwe zija, kaya kumwamba kwacha bwino kaya kwaipa.

Nyengo imene imawayesa mwakachetechete ndi ya Juni ndi Julayi. Mphepo yozizira komanso yonyowa imachokera kunyanja yamchere, n'kudutsa Mozambique, ndipo dzina lake linatengedwa ku phiri la Chiperone la m'dzikolo. Chiperoni ndi nkhungu yosakanikirana ndi mvula yowaza, imene imatha masiku atatu kapena kuposerapo osaleka. Zovala siziuma pachingwe. Nkhuni zimangofuka utsi. Mtengo wa mapeyala umene uli pabwalo pomwepo suoneka mukaima pakhomo. M'mawa woterewu mudzakumana ndi mwana wa Sitandade 3 atavala juzi ya mkulu wake, mikono ataipinda kawiri, akutsika njira yoterera kupita kusukulu. Mudzakumana ndi mayi atafunda chitenje kumutu akuchokera kumjigo, ndowa yachiwiri kale, kusanache bwinobwino. Kuchipatala namwino amene wachezera usiku wonse akutuluka pageti, mnzake wa m'mawa akulowa nsapato zili matope. Palibe amene amawayamikira pa zimenezi, ndipo iwo eni ake angadabwe mutawauza kuti akuchita chinthu chachikulu.

Nyengoyi ili ndi misampha yake. Chimfine ndi chifuwa zimayenda nyumba ndi nyumba, ndipo kwa makanda ndi okalamba zimatha kusanduka chibayo. Mwana akamapuma mofulumira, pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akakana kuyamwa, si nthawi yodikira kuti nkhungu iyambe yachoka. Ndi nthawi yomubereka, kumufunditsa, n'kuyamba ulendo wa kuchipatala. Msampha wina ndi mbaula. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amangomva mutu kulemera ndi tulo, ndipo ena sadzukanso. Agogo amene ndimafikira kunyumba kwawo ali ndi lamulo losasintha pa nkhani imeneyi. Usiku wina wozizira kwambiri ndinamva mdzukulu wawo akuchonderera.

“Agogo, lero lokha basi, isiyeni m'nyumba muno.”

“Tenga bulangete langa ufunde, mwana wanga,” anatero agogowo, “koma mbaula ikagona kukhitchini.”

Anagona ndi chitenje ndi jekete usiku umenewo, ndipo m'mawa sanaitchulenso nkhaniyo.

Kwa banja la Chiadiventi, chisanu chimafupikitsanso tsiku lokonzekera. Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangodutsa pang'ono, pamene mu Januwale limafika mpaka kudutsa 6 koloko. Ola limodzi limaoneka laling'ono kwa munthu wa mpopi ndi magetsi. Kwa mayi amene ayenera kutunga madzi a masiku awiri, kuwaza nkhuni, kuphika ndiwo za mawa, kusambitsa ana ndi kusita malaya oyera amene sanaumitsitse, ola limenelo ndi lalikulu. Tsiku la chiperoni dzuwalo silioneka n'komwe, moti anthu amayang'ana nthawi pafoni, kapena amaona nkhuku zikayamba kulowa m'khola. Koma nthawi ikakwana, mumamva nyimbo yotsegulira Sabata ikuchokera m'nyumba zimene simukuziona chifukwa cha nkhungu, ina kumtunda, ina kutsidya kwa khwawa, ina itatsogola ndi mzere umodzi. Sindidziwa malo ena amene ndimakonda kutsegulirako Sabata kuposa kumeneko.

Chakudya cha nyengoyi n'chokhutitsa ndipo sichifuna sitolo: nandolo wamuwisi, mbatata, chinangwa, chiponde. Palinso kalongonda, nyemba zimene Alhomwe amazinyadira. Kalongonda safuna munthu wopupuluma. Amaphikidwa maola ambiri, madzi akutayidwa n'kuthira ena mobwerezabwereza, chifukwa akapanda kupsa bwino amaledzeretsa ndi kudwalitsa. N'chifukwa chake mayi amene akufuna kuti banja lidye kalongonda pa Sabata amayatsa moto wake Lachinayi. Ine ndimaona kuti ana athu a m'tauni, amene azolowera tchipisi ndi zakumwa za m'mabotolo, angapindule atakhala mwezi umodzi pa chakudya chimenechi, ngakhale sabata yoyamba angalire.

Mu Ogasiti nkhungu imachoka, mphepo imayamba kuuluza masamba ouma, ndipo mipingo imalowa m'nyengo ya misonkhano ya misasa. Ndi nthawi yabwino yoyendayenda pamishoni n'kukumbukira mmene panayambira. Malowa anayamba ndi dzina loti Plainfield, pansi pa Joseph Booth, mmishonale yemwe uja amene anapita ndi John Chilembwe ku America mu 1897. Mpingo wathu unawagula mu 1902, ndipo chaka chomwecho kunabwera Thomas Branch, Mmereka wachikuda, pamodzi ndi banja lake. Mwana wake wamkazi, Mabel, ankaphunzitsa sukulu. Dzina loti Malamulo linadza mu 1907, nthawi ya Joel Rogers. Pambuyo pake malowa anadzatchuka ndi ntchito yosamalira odwala khate, pa nthawi imene anthu otere ankathawidwa ngakhale ndi abale awo. Lero pali chipatala chachikulu, sukulu ya sekondale, ndi koleji ya zaumoyo imene ili pansi pa Malawi Adventist University. Mabuku a mbiri amasunga mayina a atsogoleri. Amene ankatsuka mabala a akhate m'mawa uliwonse, kuchapa nsalu ndi kutunga madzi, ambiri mwa iwo anali anthu a m'midzi yomweyi, ndipo zidzukulu zawo ndi zimene zimakupatsani moni panjira.

Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi ya khasu. Thyolo ndi boma la anthu ambiri koma minda yochepa, pakuti malo aakulu ndi a maesiteti, ndipo kamunda ka banja kamakhala pamalo otsetsereka. Anthu amagalauza mizere m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Kenaka chizimalupsa chimagwa, fungo la dothi n'kudzaza mudzi wonse, ndipo mvula yeniyeni ikayamba kuonetsa nkhope mu Novembala mlimi aliyense amakhala ndi funso lovuta: tibzale kapena tidikire? Mbewu ndi feteleza zakwera mtengo moti palibe amene angakwanitse kubzala kawiri. Mukabzala mvula n'kudula, mbewu imapsera m'nthaka. Mukachedwa, chimanga chimadzakhwima mochedwa njala itakula. Bambo amayang'ana mitambo, amamvera za nyengo pawailesi, amapemphera ndi banja lake, ndipo tsiku lina m'mawa amatenga thumba la mbewu limene wagula ndi ndalama ya miyezi itatu n'kukalikwirira pansi.

Mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka kwambiri ndipo minda imadzaza ndi otchola, madengu ali kumsana, mapulasitiki atamangidwa m'chiuno. Amatchola masamba awiri anthete ndi kansonga kake, manja onse awiri, mvula ikuwagwera, mpaka nthawi yopita kusikelo. Apa pali chinthu chimene alendo amatiseka nacho. Ife Aadiventi timaphunzitsa kuti tiyi ndi khofi n'zoyenera kuzipewa, koma mishoni yathu yakale kwambiri m'dziko muno yazunguliridwa ndi tiyi mbali zonse, ndipo ena mwa abale ndi alongo athu amalipirira ana awo sukulu ndi ndalama ya tsamba lomwelo. Sindiona chifukwa chowaweruzira. Munthu amene sanagonepo ndi njala mu Febuluwale asafulumire kuuza mnzake ntchito yoti asiye. Chimene ndimachilemekeza ndi chimene mayi wina wa Dorika anandiuza kuti amachita chaka chilichonse akamalembedwa ntchito. Amapita kwa kapitawo tsiku loyamba lomwe, anthu ambiri ali pamzere kufuna malo omwewo, n'kunena kuti: “Akapitawo, ine Loweruka sindidzabwera, ndimapemphera. Masiku enawa mudzandipeza ndisanachedwepo.” Zaka zina amamulola. Zaka zina amauzidwa kuti apatse mpata wina, ndipo amabwerera kukagulitsa zitumbuwa. Anandifotokozera zimenezi akusenda chinangwa, osakweza ndi mawu omwe.

Miyezi yomweyi ndi ya malungo ndi ya nkhokwe zopanda kanthu. Kukunga neti usiku uliwonse, ngakhale kukutentha, ndi kupita kukayezetsa magazi mwana akangotentha thupi m'malo mongogula mapiritsi pagolosale, ndi zizolowezi zimene zapulumutsa ana ambiri kuposa momwe tingawerengere. Ndipo mvulayo masiku ano imabwera ndi mantha ena. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka m'chigawo cha kumwera. Mapiri anagumuka ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Thyolo nayo inataya nyumba, minda ndi milatho. Kuyambira pamenepo, mvula ikagwa usiku wachiwiri osaleka, anthu a m'mbali mwa zitunda sagona tulo tabwino. Ena abzala vetiva m'migula ya akalozera ndi mitengo m'mphepete mwa makwawa. Ena anasamutsa nyumba n'kusiya malo amene anabadwirapo.

Pa zonsezi, nkhani imene imandiganizitsa kwambiri ndi ya nthochi, chifukwa imafuna kulimba mtima kwa mtundu wina. Kudzuka m'chiperoni, kusunga Sabata ndi kukunga neti ndi kugwiritsitsa chimene unazolowera. Nthochi zinafuna kuti anthu awononge ndi manja awo chimene anazolowera. Kale Thyolo inkadyetsa mizinda nthochi. Malole ankachoka ku Thekerani ndi ku Molere atadzaza mikoko, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi nthochi zake kuseri: kabuthu, sukari, kholobowa. Mwana akadwala kapena fizi ikafunika, munkangodula mkoko. Kenaka kunabwera matenda a chisaka. Masamba amatuluka ang'onoang'ono, othinana pamwamba, ndipo nthochiyo imapinimbira osabereka. Kachilombo kake kamafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso ndi ana a nthochi otengedwa pa phata lodwala. Mankhwala ake palibe. Alangizi a zaulimi amanena chinthu chimodzi: zulani phata lonse, liwonongeni, munda upume, kenaka mubzale mbewu yopanda matenda. Lero nthochi zambiri zimene timagula m'misika ya m'tauni zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, chinthu chimene munthu wa ku Thyolo amachita nacho manyazi.

Anthu ambiri anakana kuzula, ndipo ndimawamvetsa. Phata limene anabzala amayi ako, limene likuberekabe kamkoko kamodzi pa chaka, sulizula ndi mtima wopepuka. Vuto ndi loti ukazula wekha mnansi wako osazula, nsabwe zija zimangowoloka malire n'kudzadwalitsa mbewu yako yatsopano. Ndiye ntchitoyi imafuna kuti munthu agogode pakhomo la mnzake n'kumupempha chinthu chowawa, ndipo mnzakeyo mwina ndi apongozi, mwina ndi akulu a mpingo.

Nthawi ya masika apitawa, chimanga chili pabwalo, amalume anga ananditenga kukaona kuseri kwa nyumba yawo. Anazula mapata onse zaka zingapo zapitazo, atatha miyezi akukambirana ndi mabanja anayi oyandikana nawo mpaka onse anavomera, wotsiriza atanyinyirika kwambiri. Kwa nthawi ndithu pamalopo panali mbatata zokha. Tsopano pali mizere iwiri ya nthochi zatsopano, masamba otambalala bwino, zitatu zitaponya kale mikoko. Lamlungu lililonse m'mawa amayenda phata ndi phata, akutembenuza masamba anthete ndi kusuzumira m'khosi mwa nthochi iliyonse kufuna nsabwe, chikwanje chili m'manja.

“Mukapeza imodzi yadwala, amalume, mudzatani?” ndinawafunsa.

“Izuka tsiku lomwelo,” anayankha, “ngakhale ikhale iyi ya mkoko waukuluyi. Koma iwe ubwere mu Julayi, udzanyamule phava la ana.”