Injini yatsopano ikayamba kutsokomola

Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi pa nthawi imodzi: mafuta, mpweya, kuthinikizika kwa ziwirizi m'kati mwa silinda, ndi moto wa pulagi woziyatsa. Chimodzi chikaperewera kapena kuchedwa, silindayo imadutsa osayaka. Amakaniko amati ndi misifaya. Ife timangoti injini ikutsokomola. Lamuloli silisankha mtengo. Ndi lomwelo pa pampu ya kudimba ndi pa galimoto ya masilinda 8 imene mlamu wanga anagula yatsopano ku Johannesburg mu 2022.

Mlamu wangayu, mwamuna wa mchemwali wanga, anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri asanadzipatse mphoto imeneyi, ndipo anaitenga pa ngongole ya zaka 6. Inali galimoto yaliwiro, ya mtundu umene anthu amaima kuijambula. Patangotha miyezi itatu, m'kuzizira kwa June, inayamba kunjenjemera akailiza m'mawa, nyali ya chenjezo ikuphethiraphethira. Pakapita mphindi zochepa inkakhala bwinobwino, ndipo pofika ku galaja ya ogulitsa inkalira mokoma ngati ikumutsutsa mwini wake.

Nyali ikamaphethira chotero si nkhani yoizengereza. Petulo wosayaka amatsikira ku ekizozi n'kukayakira mu catalytic converter, chipangizo chodula chimene chimayeretsa utsi, mpaka kuchisungunula m'kati. Choncho anathamanga nayo. Ulendo woyamba anamuuza kuti wathira mafuta oipa, n'kuzimitsa nyaliyo. Wachiwiri anasintha mapulagi onse 8. Wachitatu anasintha koyilo, chimene chimapereka magetsi ku pulagi. Ulendo uliwonse matenda ankabwerera sabata isanathe, ngongole ikudulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo masiku a waranti, lonjezo la wogulitsa lokonza ulere, akuphwa.

Kwathu, monga mukudziwa, chinthu chatsopano sichiwonongeka chokha. Azakhali anatumiza uthenga wakuti pali wina wosakondwa. Amayi anangoti, "Walira mvula walira matope," ndipo sanaonjezepo kanthu.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mchemwali wanga, yemwe ndi namwino. Tsiku lina anandiuza pa lamya kuti, "Achimwene, wodwala wobwera katatu ndi dandaulo limodzimodzi sitimangomusinthira mankhwala, timamutsegulira khadi." Anagula kope ndi kachipangizo kotsika mtengo kowerenga kompyuta ya galimoto. M'mawa uliwonse ankalemba tsiku, ola, maola amene galimoto yagona, kumene anathira mafuta, ndi nambala imene kompyuta yaonetsa. Manambalawa ali ndi tanthauzo lofanana pa galimoto zonse zamakono: P0300 ndi kuphonya kwa masilinda osiyanasiyana, P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, n'kumapitirira choncho. Patatha masabata asanu kopelo linkanena chinthu chimodzi chokha: P0303, nthawi zonse galimoto itagona usiku wonse, ndipo osati injini ili yotentha.

Apa ndi pamene mkulu wa amakaniko anakhala pansi. Mafuta oipa akanavutitsa masilinda onse, osati imodzi. Anachotsa koyilo ndi pulagi za silinda yachitatu n'kuzisinthanitsa ndi za yachisanu ndi chimodzi, n'kugoneka galimoto pa galaja pompo. Kutacha, vuto linali likadali pa yachitatu. Sikunali moto. Injekita, kampopi kamene kamafayira petulo mu silinda ndi mphamvu yaikulu, inkadontha usiku wonse, ndipo pofika m'mawa silindayo inkakhala itamira m'mafuta. Anaisintha osalipiritsa. Mapulagi 8 aja anatayidwa ali abwinobwino.

Pa ntchito yanga ndimayendera magulu a ulimi wothirira, ndipo nkhani ya mlamu wanga ndimaipeza m'madimba, kungoti kumeneko imapweteka koposa. Galimoto ya masilinda 8 ikaphonya imodzi imayendabe ndi 7. Pampu ili ndi silinda imodzi yokha, monganso njinga yamoto ya mlangizi, ndipo ikaphonya kangapo imazima. Ikazima mu September, chimanga chili pa ngaiyaye, masiku anayi opanda madzi amaoneka pa chitsononkho. Gulu limasonkha ndalama, kugula pulagi, pampu n'kulira masiku awiri, kenaka kusonkhanso. Ndaona gulu limene linasunga mapulagi akale asanu m'chitini, onse akuda mofanana, popanda wofunsa chimene chikuwadetsa.

Komatu pulagi ndiye khadi la pampu. Ikatuluka yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri ndi sefa ya mpweya imene yatsekeka ndi fumbi. Ikatuluka yonyowa ndi oyilo, maring'i a pisitoni atha, ndipo pulagi yatsopano idzafa imfa yomweyo. Ikatuluka yotuwa mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopyola. Mpata wa kukamwa kwake pa mapampu ambiri aang'ono umakhala mamilimita 0.7 mpaka 0.8.

Za mafuta n'zofunika kuzinena mosamala, pakuti ndi pamene wogulitsa aliyense amathawira. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuchokera mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo injini zimayenda naye bwino. Koma ethanol amakoka chinyezi. Petulo wosiyidwa m'thanki ya pampu kuyambira December mpaka April amafika nyengo yothirira ali ndi madzi pansi, ndi zomata zotseka timabowo ta kabuleta. Wa m'zigubu, amene tinamuzolowera mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012, ndipo kenakanso kuyambira mu 2022, nthawi zina amakhala ndi palafini. Madzi mungawaone: thirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, dikirani, adzakhazikika pansi. Palafini saoneka chotero; amadziwika ndi utsi, kuvuta kuliza, ndi kugogoda kwa injini ikalemedwa.

Msungichuma wa gulu amalemba tambala iliyonse, koma m'magulu amene ndawayendera n'ochepa amene ali ndi tsamba la pampu: maola amene yagwira ntchito, kumene petulo anagulidwa, chimene chinasinthidwa ndi tsiku lake. Popanda tsamba limeneli makaniko amasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, gulu n'kulipira zonse osadziwa chimene chinali chodwala. Ndipo mabungwe ena amapereka mapampu pa mwambo wa nyimbo ndi magule, koma lisiti ndi pepala la waranti zimatsala m'kabati ku ofesi ya m'tauni. Pampu yatsopano ikatsokomola mwezi wachiwiri, alimi amaitsegula okha, ndipo pamenepo wogulitsa amapeza chifukwa chokanira. Tsiku lolandira pampu, mlembi wa gulu apemphe mapepalawo, alembenso nambala imene inadindidwa pa thupi la injini.