Nkhanu ya Mchira ya m'Kafue

Asodzi a m'mtsinje wa Kafue ndi a ku nyanja ya Kariba ali ndi mlendo m'madzi mwao. Mlendoyo ndiye nkhanu ya mchira, imene Angerezi amaitcha crayfish. Makolo sanaidziwe, pakuti m'mitsinje ya Afirika munalibe nkhanu yotere, koma pa chisumbu cha Madagascar pokha. Kwao kwa iyo ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Inafika ku Zambia m'zaka za m'ma 1990 ndi anthu ofuna kuiweta m'maiwe, ndipo chitapita chaka cha 2000 inayamba kupezeka m'mtsinje.

Kuigwira sikuvuta. Usana imabisala pansi pa miyala ndi m'mizu ya mitengo, nituluka usiku kukafuna chakudya. Tsono msodzi atchera mono madzulo, naikamo nyambo ya matumbo a nsomba kapena nsima, nadzaonjola mamawa.

Koma chodabwitsa chili pa maonekedwe ake. Pokhuthula mono, munthu apeza zina zobiriwira ngati ndere, zina zoderapo ngati matope, ndi zina zonga thambo lopanda mitambo. Wosaidziwa anganene kuti wagwira mitundu itatu. Iai ndithu, mtundu wake ndi umodzi.

Utoto wa m'chikamba chake uchokera m'zakudya, makamaka zomera za m'madzi. Ikasintha zakudya, kapena ikachoka pa matope nikakhala pa mchenga woyera, maonekedwe asinthanso. Ndiponso pamene ikula imafundula chikamba, ndipo chatsopano chiwala kuposa chakale chija chinada ndi litsiro. Utotowo pa wokha ngwofiira, koma m'chikambamo muli chinthu china chimene chiugwira ndi kubisa kufiira kwake. Kutentha kwa moto kumasula utotowo. Nchifukwa chake zonse, zobiriwira ndi zodera zomwe, zituluka mumphika zili psuu! Chizindikiro chokhulupirika pa yamoyo ndicho banga lofiira ndi lofewa m'mbali mwa chopanira. Banga limeneli ili nalo yaimuna yokhwima, yaikazi ilibe.

Msodzi wa mono akondwa nayo, popeza alipo oigula. Wa ukonde sakondwa, ndipo dandaulo lake nlomveka. Nsomba ikakodwa usiku, nkhanu zifika ndi kuyamba kuidya, kotero kuti mamawa apeza chotsala chimene wogula sangachiyang'ane kawiri. Zina zikodwa mu ukonde womwewo, ndipo pozichotsa ulusi uduka.

Choopsa china chibadwa ndi kukongola komwe. Munthu akaona yonga thambo ija angakhumbe kupita nayo kwao yamoyo, poganiza kuti siili ya mtundu woononga uja. Nayonso siifa msanga kunja kwa madzi malinga ikhale ponyowa. Ikakhala yaikazi, ingafike ku dziwe latsopano itanyamula mazira mazanamazana kunsi kwa mchira.