Ana Athu ndi Nkhani ya Kudzala

Mwezi uno tifuna kukamba za malo amene munthu sawatchula pa chakudya, ndiko kudzala, ndi zimene ana aphunzira za kumeneko ife atate awo tili kutali.

Ku America, mu mzinda wa Washington, muli mtsinje dzina lake Anacostia, umene uthira mu mtsinje waukulu wa Potomac. Zaka zambiri mtsinjewo udali monga Mudi wa ku Blantyre: mvula ikagwa, zonse zotayidwa m'miseu zinkatsikira momwemo. Atawerenga zinyalala za m'timitsinje tothira mu Anacostia m'chaka cha 2008, adapeza kuti pafupifupi theka lake ndi majumbo, omwe kuno tiwatcha machekasi. Tsono kuyambira pa 1 Januwale 2010, sitolo yogulitsa zakudya kapena mowa mu mzindawo ilipiritsa masenti 5 pa jumbo iliyonse, ndipo zambiri za ndalamazo zipita ku ntchito yoyeretsa mtsinje.

Koma chimene chatikoka mtima si masentiwo ai, koma ana a sukulu. Kufupi ndi mzindawo, ku Accokeek m'chigawo cha Maryland, kuli bungwe la Alice Ferguson Foundation, lokhala ndi munda wake m'mbali mwa Potomac, kumene ana apita kukaphunzira. Bungweli lidayamba mu 1989 kuitana anthu chaka ndi chaka kukatola zinyalala m'gombe la mtsinje, ndipo pambuyo pake lidalowa ndi m'masukulu momwe. Phunziro lina lochitika m'masukulu a kumeneko nali: ana akhuthula zotayidwa za tsiku limodzi, nazipatula, mapepala paokha, zitini paokha, mabotolo paokha, zotsala za chakudya pazokha. Mulu uliwonse auyesa pa sikelo, nalemba. Atasintha machitidwe awo ayesanso, naona ngati nambala yatsika.

Ife amene ntchito yathu ili ya buku ndi cholembera pa mgodi tizindikira nzeru imeneyi msanga. Mafosholo khumi akasowa m'sitolo ya zida popanda wolemba, palibe amva kuwawa. Koma mulembe, muone kapitao m'mene athamangira. Mwana amene waona ndi maso ake kuti kalasi lake lataya makilogalamu akutiakuti a chakudya safunanso ulaliki wautali.

Nanga kwathu? Kumbukani bwino. Pa sukulu zimene ambiri a ife tidaphunzira, wotola zinyalala pabwalo adali yani? Adali wochedwa, wolongolola m'kalasi, wosameta. Kutola kudali chibalo. Mwana akakula nacho chimenecho zaka zisanu ndi zitatu, atuluka atadziwa chinthu chimodzi, chakuti wowerama kutola pepala ndi munthu wolakwa, ndipo wochenjera ndiye ataya nachoka. Sitinena aphunzitsi athu, amene adatilera ndi zochepa. Koma chipatso chake tichiona Lamulungu lililonse kuseri kwa zipinda zathu zino, pamene amuna akuluakulu alumpha botolo losweka kudikira wosesa.

Komatu ife sindife mtundu wotaya. Amai athu sadataye mkute, madeya adapatsa nkhuku, phulusa lidapita kumunda. Chitini chidasanduka koloboyi, tayala lakutha lidasanduka nkhwaira, waya adasanduka galimoto ya mwana. Chimene ana a ku Washington aphunzira ndi sikelo, ife tidachiphunzira ndi umphawi. Ndipo Ambuye wathu yemwe, atadyetsa anthu 5,000, adalamula kuti zotsala zitoledwe, nizidzaza mitanga 12, monga tiwerenga pa Yohane mutu 6. Otolawo adali ophunzira ake, osati a chibalo.

Chasintha nchakuti dzala lakale linkameza zonse, pakuti zonse zinkaola: makoko, zitsononkho, dengu lothyoka. Jumbo siola. Mukaikwirira, khasu lidzaitulutsa mwana wanu atakula. Mukaitentha, utsi wake ulowa m'chifuwa cha wophika ndi cha khanda la kumbuyo. Mukaisiya, itseka ngalande kapena ilowa m'mimba mwa chiweto. Mai Gloria Majiga-Kamoto adaona mbuzi zimene alimi ankapatsirana zilikufa chifukwa cha kudya majumbo, nalimbana kuti lamulo la mu 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala m'Malawi ligwire ntchito. Eni mafakitale adalitsekereza m'makhoti, kufikira bwalo lalikulu la apilo lidaweruza mu 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, ngakhale milandu ina idatsatabe. Maiwo adalandira mphotho ya Goldman mu 2021. Taganizani, abale: mbuzi imene idafa ija mwina idagulidwa ndi ndalama ya munthu wotsika pansi pa nthaka.

Pano tinene poyera kuti sitigwirizana ndi amene asenzetsa ana mtolo wonse. Mwana wa Sitandade 4 sapanga jumbo, sagula, ndipo alibe lole yonyamula zinyalala. Ku Washington sadasiyire ana okha. Adakhudza thumba la akulu pa sitolo, ndipo mu 2016 adaletsanso mbale ndi makapu a thovu zoikamo chakudya. Phunziro la ku sukulu lifa pakhomo ngati atate, pofika pa Disembala, amasula katundu wa ku Joni, mphepo nimwaza zokutira zake m'munda wonse, iwo ali pa mpando.

Ife a ku migodi tiyenera kuidziwa nkhaniyi koposa ena. Milu yachikasu ija ya mchenga yozungulira Johannesburg idali dzala la migodi yakale. Lero kampani ya DRDGOLD iigumula ndi madzi, niitengera ku makina a Ergo kufupi ndi Brakpan kukachotsamo golide amene akale adamsiya. Ndipo mbandakucha mukumana nao amuna okoka zingolo m'miseu, osankhula zitini, makatoni ndi mabotolo kukagulitsa pa sikelo. Ena a iwo ndi alendo monga ife, odyetsa ana kwao ndi ntchito yomweyo. Ena a ife awaseka. Koma mzinda uno ukadamira m'zinyalala popanda iwo.

Tsono pempho lathu nali. Sabata ilinkudzayi, chipinda chilichonse chisunge zitini, mabotolo ndi machekasi ake m'matumba atatu, ndipo Lamulungu, titatuluka m'mapemphero, tidzaziyese. Sikelo ya m'manja yoyesera katundu wa pa basi ikwanira. Zogulitsika tidzapatse okoka zingolo aja zili zopatula kale. Nambala imene tidzapeze, aliyense aitumize kwa mwana wake pa foni kapena m'kalata, namfunse kuti: kwanuko mwataya zingati sabata ino, ndipo pa sukulu atola ndani? Mayankho a anawo mubwere nao kwa mlembi wa mpingo, tidzawasindikize m'tsamba la mwezi wa mawa.