Maginito a ku Joni ndi ntchito yanga ku Mbungo

Ndine namwino wa matenda a maganizo, kwathu ndi ku Mbungo, pachilumba cha Likoma. Odwala anga sabwera ndi dzina la matenda awo. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo tasowa, nsima sikulowa. Malungo akapanda kupezeka, magazinso ali bwinobwino, m'pamene ndimakoka mpando n'kuyamba kufunsa: zinayamba liti, ukonde mukusokabe, kutchalitchi mukupita? Ambiri amangoti, "Ndikuganiza kwambiri, anesi." Zikapitirira sabata ziwiri, munthu osakondwanso ndi chilichonse, ntchito itaima, ndimadziwa kuti awa ndi matenda okhumudwa, osati ulesi monga amanenera apabanja.

Funso limene ophunzira za unamwino amaliopa ine ndimafunsa mosazungulira: "Bambo, kodi munaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizo amenewo. Ambiri amapuma mozama, n'kuyamba kulankhula zimene anasunga miyezi.

Mankhwala amene timadalira kwambiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Luso lili posankha. Amitriptyline amagonetsa, ndiye timati azimwa usiku. Koma msodzi wa usipa usiku ndiye nthawi yake yokhala panyanja, ndipo munthu wosinza m'bwato sindifuna kumuganizira n'komwe. Woteroyo ndimakonda kumuyamba ndi fluoxetine, wa m'mawa. Amitriptyline yemweyo akamwedwa wambiri nthawi imodzi amawononga mtima, choncho amene watchula zodzipha sindimupatsa wa mwezi wathunthu. Ndimapereka wochepa, asunge mkazi wake kapena amalume ake. Ndimafunsanso ngati anakhalapo masiku osagona, akulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, chifukwa kwa munthu wotere mankhwalawa paokha angamuutse mutu. Ndipo ndimanena poyera kuti sabata yoyamba sadzamva kusintha. Zimatenga sabata ziwiri mpaka zinayi, ndipo akachira apitirize kumwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposera. Apa m'pamene ambiri amatithawa.

Masiku ano abale amene ali ku Joni amatumiza mavidiyo pa WhatsApp a makina ochiza ndi maginito, n'kumafunsa ngati sangathandize mayi awo. Makinawo alipodi, si zamatsenga. Amatchedwa TMS. Anthony Barker ndi anzake anawaonetsa koyamba ku Sheffield, ku England, mu 1985, ndipo bungwe la FDA ku America linawavomereza pa matenda okhumudwa mu 2008. Wodwala amakhala pampando ali maso, dokotala n'kugunditsa koyilo pamutu, kutsogolo chakumanzere. Koyiloyo imatulutsa mphamvu ya maginito mwakamphindikamphindi, mphamvuyo n'kudutsa chigaza kukadzutsa minyewa ya mbali ya ubongo imene imafooka pa matendawa. Munthu amamva ngati chigogodera chikujompha pamutu, ena mutu umawawa pambuyo pake, ndipo mwa apo ndi apo wina angakomoke ngati wakhunyu. Amene ali ndi chitsulo m'mutu saloledwa. Musasokoneze ndi ECT, imene imachitika munthu atagonekedwa ndipo imagwiritsa ntchito magetsi enieni.

Chimene mavidiyowo sanena ndi ichi: TMS anaikonzera makamaka amene mankhwala awakanika, ndipo si onse amene amachira nayo. Komanso si yakamodzi. Kawirikawiri ndi tsiku lililonse, masiku asanu pasabata, kwa sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Ngakhale njira yachidule ya mphindi zitatu, imene inavomerezedwa mu 2018, imafunabe kuti munthu azibwera tsiku lililonse. Tsono taganizani munthu wa ku Mbungo. Kungofika ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu, adikire sitima ya Ilala kapena boti, aoloke mpaka ku Nkhata Bay, akwere minibasi, limodzi ndi womuperekeza. Ku Zomba Mental Hospital ndiye kutalitali. Nanga ku Johannesburg, m'chipatala cholipira, mwezi ndi theka, ukonde ndi munda wa chinangwa zitatsala zokha?

Makinawo sindiwanyoza, akanakhala pafupi, alipo odwala anga amene ndikanawatumiza mawa lomwe. Koma ambiri amene ndimawaona sanakanikidwe ndi mankhwala ayi. Anangomwa masiku ochepa n'kusiya, kapena sanayambe n'komwe chifukwa choopa kutchedwa amisala pachilumba pamene aliyense amadziwa mnzake. Awa amafuna wowayendera kunyumba ndi wokhala nawo pansi kuunika vuto limodzilimodzi, ngongole, maliro, banja, monga amachitira agogo a Friendship Bench, njira imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Zimbabwe ndipo inafikanso kuno ku Malawi.

Inu amene muli ku Joni, ndalama yomwe mukufunsira makinayo yambani mwaigwiritsa ntchito poonetsetsa kuti mayi afika kuchipatala pa tsiku limene tawalembera, ndipo pakhomo pali wina wowakumbutsa kumwa mankhwala.